Mbiri ya bungwe laling'ono imayambira pamjigo

Mabungwe ang'onoang'ono ambiri amene ndimawadziwa amagwira ntchito yabwino kuposa momwe anthu amawadziwira. Amayi amene amaphikira ana phala pa mkombaphala, achinyamata obzala mitengo m'mbali mwa mtsinje, kagulu ka anthu olumala kamene kamakumana m'kalasi Loweruka, komiti ya pampingo imene imayendera odwala m'makomo, onsewa ntchito yawo ndi yooneka ndi maso. Koma mukawafunsa kuti amatani pofuna kuti anthu awadziwe ndi kuwakhulupirira, amayankha mofanana: zimenezo ndi za mabungwe akuluakulu okhala ndi magalimoto oyera komanso mneneri wolembedwa ntchito. Iwo alibe ndalama ya chikwangwani, alibe ya matisheti, alibe yoitanira atolankhani kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Maganizo amenewa ndimatsutsana nawo ndi mtima wonse, chifukwa akupweteketsa magulu abwino. Bungwe lililonse lili ndi mbiri kale, lifune lisafune. Amayi akamadikirana pamjigo amakamba za inu. Akabaza pa siteji amakamba za inu. Chofunika kudziwa n'chakuti zomwe akukambazo anazimva kwa ndani, kwa inu eni ake kapena kwa munthu amene dzina lake silinalowe pa mndandanda wa olandira ufa. Kusamala mbiri ya bungwe ndi kuonetsetsa kuti anthu amva zoona, kuchokera kwa inu, nthawi isanathe. Gawo lalikulu la ntchito imeneyi limadya nthawi ndi miyendo, ndalama ndi pang'ono chabe.

Poyambira penipeni ndi pakamwa pa mamembala anu. Pa msonkhano wa komiti ukubwerawu, funsani wapampando, mlembi, msungichuma ndi wodzipereka amene walowa kumene, aliyense payekha, kuti anene m'chiganizo chimodzi zomwe bungwe limachita. Kawirikawiri mumamva mayankho anayi osiyana, ndipo ena mwa iwo amakhala mawu a Chingerezi otapa m'chikalata chopemphera ndalama, oti ngakhale wowanenayo sangawamasulire agogo ake. Taonani bungwe la Mary's Meals. Linayamba kuno ku Malawi m'chaka cha 2002 ndi ana 200, ndipo lero limadyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'dziko muno. Mwana wa sitandade 2 akhoza kukuuzani ntchito yake osapunthwa: phala kusukulu tsiku lililonse lophunzira. Bungwelo linakula, koma chiganizo chake sichinasinthe, ndipo mayi wophika phala ku Chikwawa ndi munthu wopereka ndalama ku Scotland amanena chinthu chimodzimodzi.

Chiganizo chanu chikhale ndi ntchito, anthu ndi malo. "Timathandiza atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kuti abwerere m'kalasi, m'dera la gulupu wakutiwakuti." Kenako onjezerani chinthu chimene ambiri amachiopa: zomwe simuchita. Ngati simupereka ngongole, nenani. Ngati simulipira fizi ya kusekondale, nenani tsiku loyamba lomwelo, pamaso pa anthu onse. Madandaulo ambiri amene mabungwe amakumana nawo kumudzi amabadwira pa zinthu zimene anthu anaziyembekezera okha chifukwa panalibe wowauza malire.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo anthu 84 mwa 100 aliwonse ankakhala kumudzi. Ndiye kuti kwa mabungwe ambiri, anthu oyamba kuwafikira ali pabwalo la amfumu. Njira yake ndi yodziwika kale: nyakwawa, gulupu, mfumu yaikulu; komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ya m'dera (ADC), mpaka kukhonsolo kumene komiti ya DEC imamva mabungwe akufotokoza ntchito zawo pamaso pa bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi za boma. Anzanga ena amaiona misonkhano imeneyi ngati chotayitsa nthawi, mwambo wongokwaniritsa kuti apatsidwe chilolezo. Kwa ine ndi malo otchipa kuposa onse odziwitsira ntchito yanu, chifukwa munthu aliyense wokhala pa benchi paja adzafunsidwa za inu tsiku lina. Chimodzimodzinso mlangizi wa zaumoyo, mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi wamkulu, abusa ndi ashehe. Mayi akafunsa mlangizi wa zaumoyo kuti anthu obwera pa njinga yamoto aja ndi ndani, mlangizi n'kuyankha kuti nayenso sakuwadziwa, dziwani kuti mudzi wonse uyamba kudzipezera wokha yankho.

Ndipo tikudziwa komwe mayankho odzipezera amafika. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu anaphedwa pongowaganizira. Misewu inatsekedwa ndi magulu ofufuza magalimoto achilendo. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo ntchito zambiri zothandiza anthu zinaima. Pa nthawi ngati imeneyo chimapulumutsa munthu ndi chakuti pamudzipo pali wina amene anganene kuti, "Musiyeni uyo, timamudziwa, ndi uja amabwera ndi mbewu ya mtedza." Mawu amenewo sagulidwa tsiku la mavuto. Amakhalapo chifukwa munapita kukapereka moni kwa amfumu kulibe chilichonse chogawa, munakhala pansi pa maliro, ndipo nkhope zomwe zimabwera kuchokera kubungwe lanu zinali zomwezomwezo mwezi ndi mwezi.

Nkhaniyi ikhale m'maganizo mwanu nthawi iliyonse imene mukulemba anthu mayina, kuwadindisa chala, kuwajambula kapena kuyeza ana pamkono. Kwa inu ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku yomwe opereka ndalama akufuna. Kwa gogo amene wadinda chala papepala lomwe sangathe kuliwerenga ndi chinthu chomusowetsa tulo. Fotokozani kuti pepalalo likupita kuti, adzaliona ndani, ndipo chidzatsatire n'chiyani. Ngati palibe chimene chidzatsatire, nenaninso. Kulemba mayina kenako n'kusowa ndi njira yachidule yopezera dzina lakuti "aja amadyera pa mayina athu".

Malo amene mbiri ya mabungwe imafera kwambiri ndi pa kusankha olandira thandizo. Matumba ndi 40, mabanja ovutika ndi 300. Wina aliyense wotsala adzafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Bungwe likasankha mayina m'nyumba ya munthu mmodzi madzulo, ngakhale litasankha mwachilungamo chotani, anthu adzati mwalemba abale a amfumu. Nenani poyera njira yosankhira musanatchule dzina ndi limodzi lomwe: tikufuna mabanja oyendetsedwa ndi ana, okalamba opanda wowasamala, odwala matenda a mgonagona. Mudzi utchule mayina pabwalo, awerengedwe mokweza, ndipo pakhale munthu wodziwika, wosakhala wa m'komiti yosankha, amene wodandaula angapite kwa iye. Zimatenga tsiku lathunthu ndipo pamakhala phokoso. Koma phokoso la pabwalo limatha dzuwa likamalowa, pamene kung'ung'udza kwa kuseri kumatha zaka.

Tsopano za ndalama. Amalawi tili ndi zifukwa zomveka zokayikirira aliyense wosunga ndalama za anthu. Tinaona Cashgate mu 2013. Tinamva za K6.2 biliyoni ya Covid-19 imene kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti gawo lake linasakazidwa. M'chaka chomwecho cha 2021, mwezi wa Januwale, pamene zipatala zinkasowa zipangizo zoperekera mpweya kwa odwala, wolemba mabuku Onjezani Kenani anapempha pa Facebook kuti anthu asonkhe ndalama zogulira zipangizozo. Anthu anasonkha, a kuno kumudzi ndi a kunja omwe, ena kandalama kochepa kwambiri. Chimene chinkawalimbitsa mtima n'chakuti iye ndi anzake ankalemba poyera, pafupipafupi, ndalama zomwe zalowa, zomwe zagulidwa ndi chipatala chomwe chalandira. Anthu omwewo amene timati sakonda kupereka anapereka, chifukwa ankaona komwe ndalama yawo yapita.

Kagulu ka kumudzi kakhoza kuchita zomwezo ndi pepala lalikulu limodzi ndi cholembera. Lembani: talandira zakuti kuchokera kwakuti, tagula zakuti pa mtengo wakuti, zatsala zakuti. Likhomeni pakhoma la ofesi, la sukulu kapena la tchalitchi, ndipo msungichuma aliwerenge mokweza pa msonkhano chifukwa si onse amawerenga. Musabise ndalama ya mafuta, ya mayunitsi ndi ya alawansi. Ndikudziwa kuti apa ndi pomwe mtima umagunda, chifukwa timaopa kuti anthu adzati tikudya. Koma anthu amadziwa kale kuti njinga yamoto imamwa petulo. Chimene chimawakwiyitsa ndi kuona wapampando wafolera nyumba ndi malata mwezi womwe thandizo lafika, popanda wonena chilichonse. Mwina malatawo anagula ndi ndalama ya soya wake, koma pomwe palibe pepala pakhoma palibenso womuikira kumbuyo. Amayi a banki mkhonde anazindikira kalekale zimenezi: bokosi limatsekulidwa aliyense akuona, ndalama imawerengedwa mokweza.

Anthu a pafupi akakudziwani, mpamene mungaganize zofikira akutali, ndipo chida choyamba ndi wailesi. Kupatula MBC, Zodiak, Times ndi zina zomveka dziko lonse, pali mawailesi a m'madera amene amayankhula ndi anthu anu enieniwo: Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, Bembeke ku Dedza, Mzati ku Mulanje, Gaka ku Nsanje, ya Nkhotakota, ya Mzimba, komanso za mipingo ndi zipembedzo monga Radio Maria ndi Radio Islam. Mawailesi amenewa amakhala ndi maola ambiri oti adzaze ndi antchito ochepa. Pulogalamu yanuyanu amalipiritsa, n'zoona, ndipo ndi momwe amapezera ndalama ya magetsi. Koma nkhani yeniyeni salipiritsa, ndipo mkonzi wa pulogalamu ya zaulimi kapena ya zaumoyo nthawi zambiri amasakasaka munthu wodziwa zinthu woti acheze naye. Pitani mukadziwane naye musanafune kanthu. Muuzeni zomwe mumadziwa bwino, musiyireni nambala ya foni imene imayankhidwa. Tsiku limene kudzagwe nkhani ya maukwati a ana m'dera lanu, adzakumbukira kuti pali mayi wina amene amadziwa nkhaniyi kuchokera pansi.

Mukapatsidwa mpata pa wailesi, musauthere pothokoza opereka ndalama ndi kutchula maudindo a alendo olemekezeka. Lowani ndi mfundo imodzi, muinene koyambirira, muibwereze pomaliza. Yankhulani chinenero cha omvera, Chiyao ngati ndi ku Mangochi, Chisena ngati ndi ku Nsanje, Chitumbuka ngati ndi ku Mzimba, ndipo ngati inu simuchitha, tumizani amene amachitha ngakhale asakhale wapampando. Pulogalamu yoimba foni ndi yabwino koposa, chifukwa mafunso owawa amene anthu amafunsa pamenepo ndi omwewo amene akhala akufunsana kuseri.

Za nyuzipepa, pali khomo limene magulu ambiri amalidutsa osaliona. Paboma lililonse pali ofesi ya zofalitsa nkhani, ndipo atolankhani ake amatumiza nkhani ku Malawi News Agency, komwe nyuzipepa ndi masamba a pa intaneti amakatapa. Palinso atolankhani a The Nation, The Daily Times ndi mawailesi akuluakulu amene amakhala m'maboma momwemo. Simufunika kuitana munthu kuchokera mumzinda.

Koma dziwani chomwe mtolankhani amafuna. Msonkhano wanu wa kuhotela si nkhani. Kutsegulira maphunziro a masiku atatu si nkhani, ngakhale atabwera bwanamkubwa. Nkhani ndi yakuti atsikana 12 amene anasiya sukulu abwerera m'kalasi ndipo awiri alemba mayeso a sitandade 8. Kapena yakuti mjigo wa mudzi wakuti wakhala wowonongeka chaka chathunthu ndipo anthu akumwa madzi a mumtsinje nthawi ya kolera. Polemba uthenga wopita kwa atolankhani, chiganizo choyamba chinene chomwe chachitika, kwa ndani, kuti, liti. Chachiwiri chinene chifukwa chake zili zofunika. Ikanimo nambala imodzi kapena ziwiri zomwe mungaziikire umboni, mawu a munthu mmodzi wokhudzidwa amene wavomera kutchulidwa, dzina ndi foni ya woyankha mafunso. Mbiri ya bungwe lanu ibwere kumapeto, mizere iwiri. Zonse zikwane tsamba limodzi, ndipo zitumizeni ngati uthenga wamba wa pa WhatsApp woti munthu awerenge pa foni popanda kutsitsa chikalata cholemera. Ngati nambala simukuitsimikiza, isiyeni. Mtolankhani amene mwamuchititsa manyazi kamodzi ndi nambala yabodza sadzayankhanso foni yanu.

Sindingadumphe nkhani ya chipondamthengo, ndalama imene atolankhani amapatsidwa akaitanidwa, chifukwa aliyense amene anaitanapo atolankhani amaidziwa. Atolankhani ambiri, makamaka a m'maboma, amalandira malipiro ochepa, ndipo ena amadzilipirira okha ulendo. Ngati mwaitana munthu kuti apite kumudzi wa makilomita 60, kumulipirira thiransipoti yeniyeni kapena kumutenga pa galimoto yanu ndi chilungamo. Kumupatsa envulopu kuti alembe zokukomerani ndi chinthu china, ndipo bungwe laling'ono silingapambane pa mpikisano umenewo, chifukwa nthawi zonse padzakhala wina wa envulopu yonenepa kuposa yanu. Nenani poitana pomwe zomwe mungakwanitse ndi zomwe simungakwanitse. Ena sadzabwera. Amene adzabwere ndi amene muyenera kuwasunga, kuwapatsa nkhani zabwino moyambirira, ndi kuwayankha ngakhale tsiku limene akufunsa zosakukomerani.

Za Facebook ndi WhatsApp sindichulutsa. Tsamba limodzi losamalidwa bwino likukwanira. Kulemba kamodzi pa sabata mosadumphitsa kumaposa kulemba kakhumi mwezi umodzi kenako n'kukhala chete mpaka chaka chamawa, chifukwa wofuna kukuthandizani akapeza tsamba lomwe linalembedwa komaliza zaka ziwiri zapitazo amaganiza kuti bungwe linatha. Mawu achinsinsi olowera patsambalo asakhale ndi munthu mmodzi yekha. Magulu ambiri ataya masamba awo mnyamata wodziwa za foni atasamukira ku Johannesburg. Ndipo tsamba la bungwe lisakhale malo a ndale za chipani za wapampando.

Pamene ndikufuna kukhalitsa ndi pa zithunzi, chifukwa apa timalakwira anthu amene timati tikuwathandiza. Namondwe wa Freddy atagunda chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, n'kusiya anthu oposa 500,000 opanda pokhala, mafoni athu anadzaza ndi zithunzi za ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe. Zina zinathandiza kuti dziko lidziwe kukula kwa tsokalo. Koma zambiri zimene zinatsatira zinali za anthu ovala matisheti akumwetulira, atagwira thumba la ufa mbali imodzi, mbali inayo mayi woferedwa ana ake atagwada, akuyang'ana pansi. Mayi ameneyo anafunsidwa? Akanakana, akanalandirabe ufawo? Funso lachiwirili ndi lomwe limasonyeza ngati chilolezo chinali chenicheni. Muuzeni munthu momveka kuti chithunzi chipita kuti, kuti achibale ake a kutauni akhoza kuchiona, ndipo kuti akakana salandidwa kanthu. Ngati ndi mwana, ndipo malamulo athu amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, afunsidwe kholo kapena womulera, mwanayonso afunsidwe.

Pali zina zomwe chilolezo chokha sichikwanira. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za momwe magazi a munthu alili popanda iye kuvomera, ndipo chithunzi cha gulu chokhala ndi mawu oti "odwala athu" ndi kuulula komweko. Mtsikana wogwiriridwa kapena wolanditsidwa ku ukwati asaonetsedwe nkhope, dzina kapena sukulu yake. Ndipo m'dziko limene abale athu achialubino akhala akusakidwa ndi kuphedwa, kuika pa intaneti chithunzi cha mwana wachialubino pamodzi ndi dzina la mudzi wake ndi kuika moyo wake pachiswe. Palibe ndalama ya wopereka thandizo imene ingalipire zimenezo.

Chithunzi chabwino chilipo, ndipo chimakopa anthu kuposa cha misozi: munthu akuchita kanthu. Mayi akuthirira dimba lake, mwana akulemba pa bolodi, komiti ikuwerenga ndalama. Jambulani kunja, dzuwa lili kumbuyo kwanu, mufike pafupi, mupukute galasi la foni. Mukatha muonetseni mwini wake. Ngati iye sangakonde kuti apongozi ake achione, musachitumize.

Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo tsiku lina chinthu chidzalakwika. Msungichuma adzasowa ndi ndalama, wodzipereka adzachita zosayenera kwa mwana, ana adzatsekula m'mimba atadya phala. Mtima umafuna kubisa, kudikira kuti mwina zizizira zokha. Sizizizira. Mu Meyi 2021, unduna wa zaumoyo unali ndi katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene masiku ake anali atatha, pa nthawi imene anthu ambiri ankaopa katemera chifukwa cha mphekesera. Akanatha kumutaya mwakachetechete. M'malo mwake nduna ya nthawiyo Khumbize Kandodo Chiponda anamutentha poyera pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, atolankhani akuona, n'cholinga choti aliyense adziwe kuti sadzabayidwa katemera wotha ntchito. Inali nkhani yochititsa manyazi, koma anainena okha, moyambirira, ndipo anaonetsa chomwe achita.

Bungwe laling'ono lichite chimodzimodzi. Gwirizanani lero, kusanagwe kanthu, kuti woyankhula ndi ndani, ndipo ena onse azilozera kwa iyeyo. Vuto likagwa, oyamba kumva akhale okhudzidwa, amfumu ndi opereka ndalama, kuchokera kwa inu, asanamve pa wailesi. Nenani zomwe mukudziwa, zomwe mwachita kale, ndi tsiku limene mudzanenenso zina. Musanene zomwe simunatsimikize, ndipo musaweruze munthu pagulu mlandu wake usanaunikidwe. Ngati ndi nkhani ya nkhanza kwa mwana, ipite kupolisi ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu tsiku lomwelo. Kuteteza dzina la bungwe pobisa nkhani yotere ndi mlandu pawokha, ndipo ikadzaululika bungwe limatheratu, moyenerera. Pa WhatsApp musakangane ndi aliyense wokunyozani. Yankhani kamodzi, mwaulemu, ndi mfundo, kenako muitaneni munthuyo adzaone mabuku.

Mapepala anu akhale m'malo. Gulu la m'mudzi lidziwike ku khonsolo, bungwe lokulirapo likhale lolembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe, imene inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022, lidziwike ku CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma, ndipo malipoti a pachaka azipita nthawi yake. Wofuna kukupatsani ndalama amayamba wafunsa zimenezi. Amene wakupatsani kale, kaya ndi kampani, mpingo wa ku Britain kapena mwana wa m'mudzi momwemo amene amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, mumuthokoze msanga, ndipo patapita miyezi mumuuze chomwe ndalama yake inachita, musanamupemphenso ina.

Chomaliza ndi chimene timachilephera kwambiri: kutsanzika. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo ntchito zambiri zomwe zinkadalira USAID, nthambi yake yopereka thandizolo, kuno zinaima mwadzidzidzi. Mabungwe ang'onoang'ono amene ankalandira kudzera m'mabungwe akuluakulu anangouzidwa kuti aimitse zonse. Vuto silinali lawo. Koma m'midzi yambiri anthu sanauzidwe kanthu. Anangoona kuti njinga yamoto ija yasiya kubwera, foni siyankhidwa, odzipereka amene anawalonjeza kandalama ka sopo akungodikira. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo bungwe lochoka mwakachetechete limasiya mlomo umene udzavutitse ngakhale bungwe lina lobwera pambuyo pake.

Ndalama ikatha, kaya mwadzidzidzi kaya pa nthawi yake, bwererani pabwalo lomwe munayambira. Kwerani minibasi ngati mafuta palibe. Auzeni amfumu ndi anthu kuti thandizo latha, chifukwa chake, zomwe zakwaniritsidwa ndi zomwe zalephereka. Werengani ndalama komaliza. Nenani katundu wotsala, njinga, mapoto, mabuku, kuti akhala m'manja mwa ndani, ndipo zilembedwe anthu akuona. Odzipereka amene muli nawo ngongole auzeni zoona ngati idzabwezedwe kapena ayi, ndipo aliyense mumulembere kalata yosonyeza ntchito yomwe anagwira, yoti akhoza kukaonetsa kwina pofuna ntchito. Kalata inanso ipite kwa bwanamkubwa ndi ku ADC, yonena tsiku limene ntchito yaima ndi nambala ya munthu amene angafunsidwe ngati mjigo womwe munakumba utawonongeka.